Kodi sukulu ya madokotala ya ku Blantyre imagwira ntchito yanji kwenikweni?

Anthu ambiri amaitchulabe ndi dzina lakale, College of Medicine, ngakhale kuti mu 2021 inachoka pansi pa University of Malawi n'kuphatikizana ndi sukulu ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing kupanga Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS mwachidule. Mukaimitsa munthu pa Ginnery Corner n'kumufunsa zimene zimachitika kumeneko, akuuzani kuti n'kumene amaphunzira madokotala. Sananame. Koma kuphunzitsa ndi ntchito imodzi mwa zitatu, ndipo ziwiri zinazo, kafukufuku ndi kusamalira odwala, zalowa kale m'nyumba za anthu ambiri amene sanapondeko pa sukuluyo. Katemera amene mwana wanu analandira kusikelo, mankhwala amene mlongo wanu anapatsidwa ali woyembekezera, ngakhale mmene namwino amasankhira mwana woyamba kuonedwa pamzere, zina mwa zimenezi zinayesedwa kaye m'mawodi a chipatala cha Queen Elizabeth, chija timangochitcha Gulupu.

Pamapepala ntchito zitatuzi zimaoneka ngati madipatimenti atatu. Kuchipatalako zimachitikira pa bedi limodzi, nthawi imodzi, ndipo kawirikawiri munthu wozichita amakhalanso mmodzi. Mphamvu ya sukuluyi inachokera pamenepo, ndipo mavuto ake ambiri amachokeranso pomwepo.

Mmene tinafikira pokhala ndi sukulu yathu

Madokotala a Chimalawi analipo kalekale sukuluyi isanabadwe. A Daniel Malekebu a ku Chiradzulu anamaliza udokotala ku Meharry, ku America, mu 1917, ndipo a Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937 asanapite ku Edinburgh. Komabe dziko linalandira ufulu mu 1964 lilibe sukulu ya udokotala, ndipo linakhala choncho zaka zoposa 25. Mwana wanzeru ankatumizidwa kunja, ndipo ambiri sankabwerako. Sikuti onse anali okonda ndalama ayi. Munthu wakhala zaka zisanu ndi ziwiri ku Britain, wakwatira konko, waphunzira kugwira ntchito ndi zipangizo zimene kwawo kulibe, ndipo ndale za nthawi imeneyo sizinali zokopa munthu wophunzira kubwerera. Zipatala zinkayendetsedwa ndi madokotala ochokera kunja, anamwino, ndi gulu la ma clinical officer ndi ma medical assistant, amene mpaka lero kumudzi timangowatcha adokotala.

Chapakati pa zaka za m'ma 1980 boma linagwirizana ndi maganizo oti dziko liphunzitse lokha madokotala. Mmodzi mwa anthu amene analimbikira kwambiri nkhaniyi anali a John Chiphangwi, katswiri wa matenda a amayi pa Gulupu. Njira imene anasankha inali yochenjera. M'malo modikira kuti nyumba zonse ndi malabotale zimangidwe, ophunzira oyamba anatumizidwa ku Britain, Australia ndi South Africa kukaphunzira zaka zoyambirira, n'kubwerera kudzamalizira kuno, pakati pa odwala amene adzawasamalire moyo wawo wonse. Sukulu inatsegulidwa mu 1991, mkulu wake woyamba anali a Geoffrey Dahlenburg a ku Australia, ndipo madokotala oyamba analandira madigiri awo mu 1992. Pofika kumapeto kwa zaka khumi zimenezo kunayamba kutuluka madokotala ophunzira chilichonse kuno, kuyambira chaka choyamba mpaka chomaliza.

Lero wophunzira wochokera ku sekondale amayamba ndi chaka chimodzi cha masayansi, kenako zaka zisanu za udokotala weniweni. Zaka zoyambirira ndi za m'kalasi ndi m'labotale, kuphunzira mmene thupi linapangidwira ndi mmene limagwirira ntchito. Zotsatirazo ndi za m'mawodi, ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Akalandira digiri amagwirabe ntchito miyezi 18 pa chipatala chachikulu moyang'aniridwa asanaloledwe kuima payekha. Chinthu chimodzi chimene oyambitsa sukuluyi anachiika dala ndi Mangochi. Ophunzira amapita kumeneko kukaona umoyo wa anthu kumudzi: zitsime, zimbudzi, likodzo la m'mbali mwa nyanja, mayi amene wayenda mtunda wautali ndi mwana kumbuyo. Cholinga chinali chakuti dokotala asamaganize kuti matenda amayambira pa geti la chipatala.

Pang'onopang'ono panawonjezeka maphunziro a zamankhwala, a m'labotale, othandiza olumala ndi ovulala kuyambiranso kuyenda, a zaumoyo wa anthu, ndi aukatswiri kwa madokotala amene anamaliza kale. Mu 2019, mothandizana ndi University of Glasgow, anayamba kuphunzitsa madokotala a mano, chinthu chimene dziko linali lisanachitepo.

Mwana wokomoka ndi malungo

Kuti mumvetse chifukwa chimene dzina la Blantyre limatchulidwira m'mabuku a udokotala padziko lonse, yambani ndi malungo a mu ubongo. Makolo ambiri amawadziwa: mwana watentha thupi masiku awiri, kenako wayamba kugwedezeka, maso atembenuka, ndipo sakudzukanso. Mu 1986 a Malcolm Molyneux ochokera ku Britain ndi a Terrie Taylor a ku Michigan State University anayamba kufufuza matendawa pa Gulupu, sukulu ya udokotala isanatsegulidwe n'komwe. Vuto loyamba linali looneka ngati laling'ono. Muyeso umene madokotala ankagwiritsa ntchito pofuna kudziwa kuti munthu wakomoka bwanji unapangidwira akuluakulu, oti ukhoza kuwafunsa dzina ndi tsiku. Nanga mwana wa chaka chimodzi umufunsa chiyani? Anapanga muyeso wina woyang'ana zinthu zitatu zokha: kodi maso a mwana akutsatira nkhope ya mayi ake, kodi akulira bwanji ukamutsina, ndipo kodi akuchotsa dzanja lako pamene ukumupweteka kapena wangoti zii. Mapointi ake amayambira 0 kufika 5. Muyesowu unasindikizidwa mu 1989, umatchedwa Blantyre Coma Scale, ndipo ukugwiritsidwabe ntchito kulikonse kumene kuli malungo. Sufuna magetsi, sufuna makina.

Zimene zinatsatira zinali zovuta kwambiri, osati pa sayansi pokha. Kuti adziwe chimene chikupha anawa, ofufuza anayenera kupima mitembo ya ana amene amwalira. Taganizani za namwino amene ntchito yake inali kupita kwa mayi amene mwana wake wangotsirizika kumene, achibale akukonza zonyamula maliro kuti akafike kumudzi kusanade, n'kupempha chilolezo chotsegula thupi la mwanayo. Mabanja ambiri anakana, ndipo anali ndi ufulu wonse wokana. Ena anavomera. Chifukwa cha mabanja amenewo, mu 2004 kunatuluka zotsatira zodabwitsa: mwa ana 31 amene madokotala anali otsimikiza kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo, 7 anali atamwalira ndi matenda ena. Tizilombo ta malungo tinalimo ndithu m'magazi awo, monga mmene timakhalira mwa ana ambiri nthawi ya dzinja, koma wakupha anali wina. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi aliwonse ankalandira mankhwala a malungo pamene chinamugwira chinali china.

Ndiye ungawasiyanitse bwanji ali moyo? Yankho linachokera kwa dokotala wa maso, a Susan Lewallen, amene anali atazindikira kale kuti ukayang'ana mkati mwa diso la mwana wodwaladi malungo a mu ubongo, kumbuyo kwenikweni, umaona timadontho toyera, timitsempha tosintha mtundu ndi timagazi totuluka. Diso limasonyeza zimene zikuchitika mu ubongo. Mu 2008 pa Gulupu panabwera makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi, ndipo mu 2015 gulu lomweli, motsogozedwa ndi a Karl Seydel, linasonyeza kuti mwa ana amene anamwalira, 84 mwa 100 aliwonse anali ndi ubongo wotupa kwambiri, poyerekeza ndi 27 mwa 100 pakati pa amene anachira. Ubongo ukatupa m'chigaza mulibe kothawira, umakanikiza gawo limene limayendetsa kupuma, ndipo mwana amangosiya kupuma. Kuchokera pa funso loyamba kufika pa yankho limeneli panadutsa zaka pafupifupi 30. Amene amafunsa kuti kafukufuku wa chaka chatha wapindula chiyani ayenera kudziwa kuti nthawi zina ntchitoyi imayenda pa liwiro lotero.

Pamene yankho ndi "ayi"

Kwa ine, phindu lalikulu la kukhala ndi ofufuza kwathu kuno limaonekera bwino pamene apeza kuti chinthu sichikugwira ntchito. Ku Ulaya ndi ku America kunali kutapezeka kuti mankhwala otchedwa dexamethasone amathandiza odwala matenda oumitsa khosi akaperekedwa pamodzi ndi mankhwala opha tizilombo. Mabuku analemba, ndipo chikanatsatira n'chakuti nafenso tigule. A Elizabeth Molyneux ndi anzawo anayesa mankhwalawa pa ana pafupifupi 600 pa Gulupu, ndipo mu 2002 anapeza kuti sakuchepetsa imfa. Mu 2007 kafukufuku wina pa akuluakulu 465, amene ambiri mwa iwo anali ndi HIV, anapeza chimodzimodzi. Odwala athu amafika mochedwa, ambiri ali ndi matenda ena, ena ali onyentchera. Thupi lotero si lofanana ndi la wodwala wa ku Amsterdam.

Chitsanzo china ndi cha mbaula. Aliyense ankakhulupirira kuti utsi wa nkhuni m'khitchini ndi umene ukuchulukitsa chibayo mwa ana, choncho mbaula zosatulutsa utsi wambiri zichepetsa matendawa. Mabungwe anali okonzeka kuthirapo ndalama zambiri. Kafukufuku anachitika m'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Chilumba, pa ana oposa 10,000, ndipo patatha zaka ziwiri chibayo chinali chimodzimodzi m'mabanja ophikira pa mbaula zatsopano ndi m'mabanja ophikira pamafuwa. Ana opsa ndi moto anachepako, zimenezo n'zabwino, koma chibayo ayi. Utsi suchokera kukhitchini kokha, ulinso m'zinyalala zootchedwa ndi m'moto wolusa kutchire, ndipo mbaula ikawonongeka mayi amabwerera pamafuwa, chifukwa nsima siidikira.

Nkhani ya chloroquine ili ndi mathero ena. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kusiya mankhwalawa chifukwa tizilombo ta malungo tinali titawazolowera, n'kuyamba Fansidar. Ofufuza a ku University of Maryland ndi anzawo a ku Blantyre anapitiriza kuyang'ana tizilomboto chaka ndi chaka. M'kafukufuku wosindikizidwa mu 2006 anayesanso chloroquine pa ana a ku Ndirande, ndipo anachiza 99 mwa 100 aliwonse, pamene Fansidar anali atafooka kotheratu. Tizilombo tolimbana ndi mankhwalawa tinali titatha tokha mankhwalawo atachoka pamsika. Boma silinabwerere ku chloroquine, linasankha LA mu 2007, koma asayansi padziko lonse anaphunzira chinthu chimene sankachidziwa motsimikiza.

HIV ndi akatemera

Pa HIV mndandanda ndi wautali, ndingotola ziwiri. Ofufuza a yunivesite ya Johns Hopkins ya ku America akhala akugwira ntchito pa Gulupu kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Vuto limene linkasautsa kwambiri linali la kuyamwitsa: mayi amene ali ndi kachilombo akhoza kupatsira mwana kudzera mu mkaka, koma kumuuza kuti asayamwitse, kumudzi kopanda madzi abwino ndi ndalama yogulira mkaka wa m'chitini, kunali kumuika mwanayo pangozi ina. Mu 2008 a Newton Kumwenda, a Taha Taha ndi anzawo anasonyeza kuti kupatsa khanda mankhwala a nevirapine kwa masabata 14 kunachepetsa ndi theka chiwerengero cha ana otenga kachilombo pofika miyezi 9, kuchoka pa pafupifupi 11 mwa 100 kufika pa 5. Chachiwiri ndi kudziyeza wekha. Ambiri ankaopa kuti munthu akadziyeza yekha kunyumba adzalakwitsa, kapena adzadzipweteka akaona zotsatira. Kafukufuku wa a Augustine Choko ndi a Liz Corbett m'makwalala a Blantyre, wosindikizidwa mu 2011, anasonyeza kuti anthu wamba amatha bwinobwino, ndipo abambo, amene amathawa mzere wa kuchipatala, anavomera mwaunyinji. Mu 2016 bungwe la World Health Organization linalimbikitsa njirayi padziko lonse.

Pa akatemera, nkhani ya taifodi ndi imene imasonyeza bwino mmene ntchito zitatu zija zimalukirana. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, limene linakhazikitsidwa mu 1995 ngati mgwirizano wa sukuluyi, masukulu a ku Liverpool ndi Wellcome Trust, bungwe la ku Britain lopereka ndalama za kafukufuku, lili ndi labotale pa Gulupu pomwepo. Kuyambira mu 1998 labotaleyi yakhala ikupima magazi a odwala otentha thupi ogonekedwa m'chipatalachi kuti ione tizilombo timene tilimo. Kwa wodwala, kumeneko n'kuthandizidwa: dokotala amadziwa mankhwala oyenera. Kwa wophunzira, ndi phunziro la tsiku limenelo. Kwa wofufuza, ndi kaundula wa zaka zambiri amene mayiko ochepa mu Africa ali naye. Kaundulayu ndi amene anaonetsa kuti taifodi, amene kale ankapezeka mwa apo ndi apo, anayamba kukwera mu 2011 mpaka kufika mazanamazana pachaka, ndipo tizilombo take tinali ta mtundu watsopano umene sunkamva mankhwala atatu otchipa amene tinkadalira.

Pokhala ndi umboni umenewu, mu 2018 a Melita Gordon ndi gulu lawo anayesa katemera watsopano wa taifodi pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12. Theka analandira wa taifodi, theka linalo analandira katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo ngakhale namwino wobaya sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti. Pambuyo pake mwana aliyense wa m'kafukufukuyu akafika kuchipatala atatentha thupi ankatengedwa magazi. Zotsatira za mu 2021 zinasonyeza kuti katemerayu amateteza pafupifupi 8 mwa 10, ndipo patatha zaka zinayi chitetezocho chinali chisanagwe kwenikweni. Mu May 2023 boma linachita kampeni ya dziko lonse, ndipo katemerayu analowa m'ndondomeko ya kusikelo.

Katemera wa rotavirus, woteteza kutsegula m'mimba, ali ndi phunziro lake. Atayesedwa ku Blantyre ndi ku South Africa, anapezeka kuti kuno amateteza pafupifupi theka lokha, pamene ku South Africa ankaposa 7 mwa 10. Munthu wongoona manambala amenewo akanati n'kutaya ndalama. Koma chifukwa matendawa ndi ochuluka kwambiri kuno, katemera wofookayo anapulumutsa ana ambiri ku Malawi kuposa ku South Africa. Boma linayamba kumupereka mu 2012. Ndipo pamene Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kusikelo mu April 2019, ofufuza a sukuluyi ndi amene anapatsidwa ntchito yolondoloza mmene akuyendera.

Pa mzere ndi m'chipinda cha makanda

Mawu akuti kutumikira anthu amamveka ngati a pa chikwangwani, koma pa Gulupu tanthauzo lake ndi losabisika. Akatswiri ambiri amene amayendera odwala m'mawa, amene amachita maopaleshoni ovuta, amene amaitanidwa usiku, ndi aphunzitsi a sukuluyi. Dokotala wamkulu akaima pa bedi ndi ophunzira asanu ndi mmodzi kumbuyo kwake, gadiyani atakhala pansi pambali ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, amafunsa wophunzira kuti wamva chiyani m'chifuwamo, amamukonza, kenako amatembenukira kwa gadiyani: "Mayi, anayamba liti kupuma chonchi?" Wodwalayo wathandizidwa, wophunzira waphunzira. Chipatala ndi cha Unduna wa Zaumoyo, sukulu ndi ya payokha, koma mutachotsa mmodzi winayo sangaime.

Zina mwa zinthu zimene zapulumutsa miyoyo yambiri sizinafune mankhwala atsopano. Kale ana ankaonedwa motsatira amene wafika poyamba, ndipo ena ankamwalirira pamzere, pamsana pa mayi awo, wina wa chipere akuonedwa mkati. A Elizabeth Molyneux ndi anzawo anakonza zoti namwino aziyenda pamzere mwana akangofika, n'kusankha amene sakupuma bwino, amene wakomoka, amene watha madzi m'thupi, kuti alowe nthawi yomweyo. Anatsegula chipinda cha ana odwala mwakayakaya mu 2001. Imfa za ana ogonekedwa, zimene zinkakhala pakati pa 10 ndi 18 mwa 100, zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Njirayi, imene anamwino amaidziwa kuti ETAT, ikuphunzitsidwa m'mayiko ambiri.

Ku Chatinkha, kumene amasungira makanda obadwa masiku asanakwane, vuto linali mapapo osakhwima. Makina othandiza kupuma amene amagwiritsidwa ntchito kunja anali okwera mtengo kwambiri. Akatswiri a zopangapanga a ku Rice University ku Texas, pamodzi ndi madokotala a ana a pa Gulupu monga a Kondwani Kawaza, anapanga makina otchipa ogwiritsa ntchito timapampu tija timapopera mpweya m'mathanki a nsomba, ndi botolo la madzi loyezera mphamvu ya mpweyawo. Anawatcha Pumani. Mu 2014 zotsatira zinasonyeza kuti makanda 71 mwa 100 oikidwa pa makinawa anakhala ndi moyo, poyerekeza ndi 44 mwa olandira okosijeni wamba. Makinawa anafalitsidwa m'zipatala za m'maboma. Kumeneko kunapezekanso phunziro lina: makina pawokha sakwanira ngati namwino mmodzi akuyang'anira makanda makumi angapo, ngati magetsi akuthimathima, ndipo ngati khanda likuzizidwa.

Ndalama ndi za ndani, funso ndi la ndani

Mwina mwaona kale kuti m'nkhani zonsezi mukutuluka mayina a Liverpool, Michigan, Maryland, Johns Hopkins, Rice. Apa ndi pamene pali nkhani yovuta. Pafupifupi ndalama zonse za kafukufuku wamkulu zimachokera kunja, pamene kuphunzitsa ndi kusamalira odwala kumadalira thumba la boma, limene tonse tikulidziwa kuchepa kwake. Zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Mumpanda umodzi mukhoza kupeza labotale yowerenga chibadwa cha tizilombo, ya jenereta yosathima, ndipo mamita ochepa kuchokera pamenepo wodi imene gadiyani wauzidwa kukagula mankhwala ku famase ya m'tauni. Namwino wa pulojekiti amalandira zambiri kuposa mnzake wa boma amene anali naye kalasi limodzi, ndipo palibe angamudzudzule akasamuka. Koma wodi imene wachokayo yatsala ndi manja ochepa.

Palinso funso la amene amasankha zofufuza. Opereka ndalama akhala akukonda malungo, HIV ndi chifuwa chachikulu, ndipo ndi matenda oopsadi. Koma mawodi athu akudzazanso ndi odwala shuga, kuthamanga kwa magazi, sitiroko, khansa ya khomo la chiberekero ndi ya kum'mero, ovulala pa ngozi za kabaza, ndi odwala matenda a maganizo, ndipo zimenezi zakhala zikupeza ndalama zochepa. Zinthu zikusintha pang'ono. A Malawi ambiri tsopano akutsogolera okha kafukufuku, Malawi-Liverpool-Wellcome ikutsogoleredwa ndi a Henry Mwandumba, ndipo magazini ya Malawi Medical Journal imapereka malo kwa nkhani zimene magazini akunja sangazione ngati zazikulu. Komabe ndalama zikadali za eni ake. Boma la America litaimitsa thandizo lambiri lakunja kumayambiriro kwa 2025, aliyense anaona kuti chiganizo chopangidwa ku Washington chikhoza kutseka chipinda ku Blantyre.

Kwa munthu wamba, nkhawa imakhala ina: magazi angawa akupita nawo kuti? Funsoli si lopusa. M'dziko limene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo mu 2017, wofufuza wobwera ndi galimoto yoyera n'kumatenga magazi a ana ayenera kufotokoza bwino, osati kamodzi kokha. N'chifukwa chake kafukufuku aliyense amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ya pa sukuluyi yakhala ikudziwika ndi dzina loti COMREC, ndipo amayamba wakumana ndi mafumu ndi makomiti a m'deralo. Munthu amawerengeredwa chikalata m'chilankhulo chake, amasaina kapena kudinda chala, ndipo ali ndi ufulu wotuluka tsiku lililonse popanda kulandidwa thandizo. Pamapepala zili bwino. Koma tinene zoona: mayi amene akudziwa kuti m'kafukufuku mwana wake aonedwa msanga, mankhwala sasowa, ndipo abwezeredwa ndalama ya minibasi, kukana kwake n'kovuta. Ofufuza abwino amalidziwa vutoli ndipo ena a iwo amalifufuza ndithu. Silidzatha mpaka chisamaliro cha wodwala wamba chitayandikira cha wodwala wa m'pulojekiti.

Akamaliza amapita kuti?

Kwa zaka zambiri anthu ankabwereza mawu akuti ku Manchester kuli madokotala a Chimalawi ambiri kuposa ku Malawi konse. Atolankhani a BBC atafufuza mu 2012 anapeza kuti manambala sakugwirizana ndi mawuwo. Vuto lenileni lili pena. Dokotala wachinyamata akagwira ntchito zaka zingapo amafuna ukatswiri, wa ana, wa opaleshoni, wa amayi, ndipo kale njira yokha inali kupita kunja pa msinkhu womwe munthu amamanga banja ndi kukhazikika. N'chifukwa chake maphunziro aukatswiri amene sukuluyi inayamba m'zaka za m'ma 2000 ndi ofunika kwambiri kuposa mmene amatchulidwira. Ambiri mwa amene akutsogolera madipatimenti lero anaphunzira pa sukulu yomweyi.

Kenako pali chodabwitsa chimene chimapweteka. Dziko limene lili pakati pa mayiko osowa madokotala kwambiri padziko lonse nthawi zina limalephera kulemba ntchito madokotala amene laphunzitsa lokha. Mu 2015 gulu la omaliza kumene linakhala miyezi likudikira boma, ndipo anamwino akhala akukumana ndi zomwezo mobwerezabwereza. Kuwonjezera chiwerengero cha ophunzira popanda kuwonjezera malo antchito ndi ndalama za malipiro n'kuphunzitsira mayiko oyandikana nafe.

Ndipo ngakhale onse atalembedwa, mayi wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene mwana wapingasa m'mimba usiku, nthawi zambiri amene amuchite opaleshoni ndi clinical officer. Zikhala choncho kwa zaka zambiri. Sukuluyi inazindikira zimenezi ndipo inatsegula madigiri oti ma clinical officer awonjezere luso m'magawo monga opaleshoni, ana ndi amayi, komanso maphunziro a madokotala okonzekera kugwira ntchito m'zipatala za m'maboma, amene amachitikira ku Mangochi. Kuphatikizana ndi sukulu ya anamwino mu 2021 kunapereka mwayi woti namwino, mzamba, dokotala ndi wa zamankhwala aziphunzira zina limodzi asanakumane pa wodi. Dokotala wa m'boma amathera nthawi yambiri mu ofesi, pa bajeti ya mafuta a ambulansi ndi misonkhano ya khonsolo, ndipo ntchito ya manja imatsalira amene anaphunzira zaka zochepa. Mmene KUHeS idzawaphunzitsire anthu amenewa, ndi mmene Unduna udzawalipirire akabwerera ndi digiri, ndi zimene wodwala wa kutali ndi Blantyre adzazimve pathupi pake msanga kuposa zotsatira za MRI.